Mzere Wofiira pa Dzina la Enelesi

Kanakantapa,
Lamlungu masana.

Dailesi mwana wanga,

Ndakhala pakhonde, pa kampando ka amayi ako, pamene iwe wapita kukatsanzikana ndi azakhali ako. Ndasankha kulemba chifukwa umandidziwa. Pakamwa ndimayamba bwino, koma ndikafika pakati mawu amandithawa, ndiye ndimatembenukira ku nkhani za mvula ndi mbozi za m'chimanga. Papepala ndilibe kothawira.

Dzulo tikusankha tomato kudimba unalankhula osandiyang'ana. Unati, "Atate, niganiza nilembele ku koleji kuti banisungile malo chaka cha mawa. Ningakusiyeni bwanji mweka? Elo pa sukulu nakhala pa mpando wa uhedi matemu atatu, palibe chamene chavuta." Ine ndinangopitiriza kudzaza bokosi. Usaganize kuti sindinamve. Ndinamva, ndipo ndikudziwa chimene iwenso ukudziwa. Malo ajawa anakusungira kale kamodzi, chaka chatha, amayi ako ali m'chipatala, ndipo kalata yawo inanena poyera kuti sadzasunganso kachiwiri. Ukapanda kukwera minibasi mawa m'mawa, maphunziro oyendetsa sukulu aja apatsa wina.

Za kundisiya ndekha ndiyankha kumapeto. Ndiyambe ndi mawu enawo, akuti palibe chimene chavuta. Mawu amenewo ndi anga, mama. Ndinawanena zaka zambiri mu ofesi yomweyo imene ukukhalamo iwe lero.

Unali wamng'ono pamene ife makolo a kuno tinaumba njerwa n'kumanga zipinda ziwiri, chifukwa ana ankatopa ndi mtunda ndipo mtsinje ukadzaza sankapita konse. Boma linali lisanatitumizire aphunzitsi. Pamsonkhano anthu anayang'anana, kenaka mkulu wina anati, "Ba Fabiano banafika Fomu 3, balemba na makalata ya Chizungu. Na nkoloko bali nayo pa kwanja." Anthu anaomba m'manja. Umu ndi mmene ndinakhalira hedi, chifukwa cha Fomu 3 ndi wotchi yapamkono. Palibe anandiphunzitsa kanthu. Ndinkaganiza kuti uhedi ndi makiyi, chidindo, ndi chitsulo chakale cha pulawo chimene tinkachimenya m'malo mwa belu. Ndinkafika woyamba, kuchoka womaliza. Sindinatengepo ngakhale choko chimodzi kupita nacho kunyumba, ndipo ana aja ndinkawakonda. Ndikunena izi kuti udziwe kuti zimene ndikuuze sindinazichite ndi mtima woipa. Munthu wa mtima wabwino amene sadziwa lamulo amapweteka mwana chimodzimodzi, kungoti iye amagona tulo tabwino.

Cholakwa changa choyamba chinali manyazi. Mapepala ochokera ku ofesi ya maphunziro ku boma ankabwera m'maemvulopu a khaki, nthawi zina ndi hedi wa sukulu ya boma imene tinali pansi pake, nthawi zina ndi kondakitala wa minibasi. Emvulopu yoyamba ndinaitsegula mokondwa. Mzere woyamba ndinauwerenga katatu. Sichinali Chizungu chija cha m'mabuku athu a Fomu 3. Chinali cha ndime zamanambala ndi mawu aatali amene sindinakumanepo nawo. Ndikanatha kupalasa njinga kupita kwa hedi uja kuti andimasulire, ulendo wa ola limodzi chabe. Koma ndinadzifunsa kuti, makolo akamva kuti ba Hedi awo amakafunsa tanthauzo la kalata, adzati chiyani? Ndinaika pepalalo m'bokosi lachitsulo limene linali pansi pa thebulo, n'kudziuza kuti ndidzaliwerenga Loweruka. Emvulopu yachiwiri ndinangoona mutu wake. Zotsatira zake ndinkatsegula zokhazo zimene wobweretsa wandiuza kuti ndi za masiku a mayeso. Bokosi linkadzaza, ana ankaimba pabwalo, ine n'kumati palibe chimene chavuta.

Kukoleji ukakhala ndi anthu a m'tauni olankhula Chizungu chothamanga. Ukapanda kumva, ukakweze dzanja, Dailesi. Akaseka, aseke. Kuseka kwawo kudzatha asanafike pa chakudya cha masana.

Chachiwiri chinali kamtengo ka mabulosi kamene ndinkasunga kuseri kwa chitseko. Makolo eni ake ndiwo ankandilimbikitsa. Bambo wina anabwera atagwira mwana wake khutu, nati, "Ba Hedi, uyu samvela. Mumenyeni chabe, nakupasani mphamvu ine mwine wake." Ine ndinkakhulupirira kuti mwini mwana akavomera, nkhani yatha. Sindinkadziwa kuti boma linali litaletsa kale kukwapula ana m'sukulu, ndi kuti kholo silingakupatse mphamvu imene lamulo linachotsa m'manja mwako. Komiti ya makolo nayonso singakupatse, ngakhale onse akweze manja. Mwana uja lero ndi bambo wa ana atatu. Tikakumana amandivulira chisoti, koma sanandiyang'anepo m'maso.

Tsopano ndifike pa chimene chanditengetsa cholembera. Ukuwadziwa amake Lute, ogulitsa repu ndi tomato pamsika wa Chongwe, aja anaphika masiku onse a maliro a amayi ako osakhala pansi. Iwe umawadziwa ngati kholo la mwana wa giredi sikisi pasukulu pako. Ine ndimamudziwa ngati Enelesi, mtsikana wa benchi la kutsogolo, mbali ya zenera, amene ankamaliza samu ine ndisanamalize kuilemba pabolodi. Tsiku lina anakweza dzanja nati, "Ba Hedi, ansa si iyo." Kalasi yonse inadikira kamtengo. Ndinabwereza samuyo, ndipo anali wolondola ndi iye. Ndinaseka tsiku limenelo, ndipo ndinauza amayi ako kuti pasukulu pathu patuluka munthu.

Ali mu giredi seveni, kutatsala miyezi inayi kuti alembe mayeso, anapezeka ndi pakati. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Komiti inakhala pansi pa mtengo wa msuku uja uli kuseri kwa zimbudzi zatsopano. Tinaiweruza nkhaniyo monga timaweruzira ng'ombe ikadya chimanga cha mnansi: akuchimuna mbali iyi, akuchikazi mbali iyo, ine pakati ndi chidindo changa. Enelesi mwini wake sitinamuitane. Mayi wina anati, "Akankhala mu kilasi, bana bathu bazayamba kusinza. Mimba imagonetsa banzake tulo, tonse tiziba." Ambiri anavomera. Kenaka atate ake a Enelesi, munthu wofatsa, anavula chisoti nati, "Ba Hedi, imwe ndimwe muziba malamulo ya sukulu. Vamene muzakamba, tizamvela."

Pamenepo ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, ndipatseni sabata ndikafunse. Anthu onse anali kundiyang'ana mwaulemu. Ndinakonza kolala ya malaya n'kunena kuti, "Lamulo la sukulu likuti mtsikana akatenga pakati, sukulu yathera pomwepo." Ndinanena lamulo limene ndinaliona likugwira ntchito ine ndili mwana wa sukulu. Ndinalowa mu ofesi, ndinatsegula kaundula, ndinatenga rula ndi cholembera chofiira, n'kudula mzere pa dzina lake. Ndimakumbukira kuti ndinasamala kwambiri kuti mzerewo usakhote. M'mawa mwake Enelesi anabweretsa mabuku a sukulu, onse atakutidwa bwino ndi nyuzipepala, nawaika pathebulo, nagwada, n'kupita.

Madzulo a tsiku la komiti, amayi ako akutsuka mbale, anandifunsa, "Atate ake Dailesi, lamulo lija munaliwerenga, olo munalikumbuka chabe?" Ine ndinati, "Za sukulu nisiyileni ine. Imwe munalekela giredi faivi." Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero, mmene anatulukira m'kamwa mwanga. Iwo anatsanula madzi, napukuta manja, nati, "Chabwino, ba Hedi." Anali asanandiitanepo choncho m'nyumba. Pasanathe miyezi itatu Enelesi anamukwatitsa kwa mnyamata amene anamupatsa pakatiyo, kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje.

Patapita zaka ziwiri kunabwera mayi woyendera masukulu, pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Anayamikira bwalo losesedwa ndi zimbudzi zaukhondo, ine mtima m'malo. Kenaka anapempha makaundula akale. Anatsegula masamba mpaka anaima pa mzere wofiira.

"Uyu anamwalila?"

"Iyai, madamu. Anatenga mimba."

"Manje fomu yake ya livi ili kuti?"

"Fomu iti, madamu?"

Mayi uja sanakwiye. Kenaka anati, "Mapepa yamene timakutumilani mumasungila kuti?" Ndinakoka bokosi lachitsulo, ndipo ndikuuze zoona, ndinalitsegula monyadira pang'ono, chifukwa mapepala anali osanjika bwino, opanda chiswe. Mayi uja anagwada pansi ndi siketi yake yabwino, nayamba kung'amba maemvulopu imodzi imodzi ndi kiyi wa njinga yake. Atafika chapakati anatulutsa pepala, nandimasulira m'Chinyanja, mzere ndi mzere. Mtsikana wapakati sachotsedwa sukulu. Amapatsidwa tchuthi, makolo ndi hedi amasaina fomu, ndipo akabereka amabwerera kudzapitiriza. Fomuyo inali momwemo, yomatidwa ndi kapini, yoyera. Ndinayang'ana tsiku la pachidindo. Emvulopu imeneyo inafika kutatsala chaka chathunthu kuti komiti ija ikhale. Pamene ndinkadula mzere, pepala linali pansi pa thebulo lomwelo, pafupi ndi phazi langa.

Ndinati, "Madamu, ine palibe ananiphunzisa." Iye anati, "Niziba, ba Hedi, ndiye vamene tilila masiku yonse. Koma uja mwana naye palibe anamufunsa."

Loweruka lake ndinakweza amayi ako pa njinga, fomu ili m'thumba la malaya. Njira yonse sanandikumbutse za funso lawo. Tinapeza Enelesi akusinja, mwana kumsana, wina ali m'njira. Mwamuna wake ndi apongozi ake atabwera, ndinawafotokozera zonse, za bokosi ndi za maemvulopu, osabisa kanthu. Mwamuna wake anati, "Sukulu? Nanga bana aba azasunga ndani, imwe?" Enelesi anapukuta manja pa chitenje, natenga fomu, nayamba kuiwerenga mokweza, pang'onopang'ono, Chizungu chomwe chija chinandigonjetsa ine. Atafika kumapeto anaipinda, nandibwezera ndi manja awiri. Anati, "Ba Hedi, yunifomu siinganikwane manje." Ndipo anaseka, kuti ine ndisachite manyazi pamaso pa apongozi ake. Anatipatsa dzungu lalikulu. Pobwerera tinkakankha njinga, dzungu lili pa kaliyala, ndipo pa chitunda chija amayi ako anaika dzanja lawo pamwamba pa langa, pa handulo.

Kuyambira pamenepo ndinkapalasa Loweruka lililonse kupita kwa hedi wa sukulu ya boma, emvulopu ili m'chikwama. Palibe kholo linandiseka, ndi mmodzi yemwe. Manyazi onse aja ndinkangowaweta ndekha. Kamtengo ka mabulosi ndinakasonkhezera moto. Atsikana awiri amene anapezeka ndi vuto lomwelo pambuyo pake ndinawalembera fomu. Mmodzi anabwerera n'kumaliza, ndipo khanda lake ankalilera m'mawa ndi amayi ako, iwe ungakumbukire mwana wolira uja amene ankakudyera phala. Winayo anabwerera temu imodzi n'kusiya yekha. Sindikunena kuti pepala limapulumutsa aliyense. Koma uyo anasiya yekha, chitseko chili chotsegula.

Boma litatenga sukulu yathu n'kutumiza hedi wophunzira, ndinapereka makiyi ndi chidindo, ndipo kwa masabata angapo ndinkadzera njira ina kuti ndisamve belu. Pambuyo pake anandipempha kukhala m'komiti, ndiye ndinayamba kumuonerera. Ndinkayembekezera munthu wodziwa zonse. Tsiku lina kunabwera nkhani yovuta ya mwana wogontha m'makutu amene agogo ake ankafuna kuti alembedwe sukulu. Onse tinayang'ana hedi. Iye anati, "Ichi sinichiziba bwino. Nipaseni mpaka pa Chinayi." Ananena pamaso pa makolo onse, osakonza kolala. Pa Chinayi anabwera ndi yankho ndiponso dzina la ofesi yothandiza. Pamenepo ndinaona chimene maphunziro anamupatsa. Ankadziwa pamene mphamvu yake yathera, ankadziwa buku loti atsegule ndi khomo loti agogode, ndipo mawu akuti sindikudziwa sankamuwotcha pakamwa.

Iwe ndiwe mphunzitsi wabwino, kuposa mmene ine ndinalili. Uli ndi satifiketi ya uphunzitsi imene ine ndinalibe. Koma anakuphunzitsa kuimirira pabolodi, sanakuphunzitse kukhala pansi pa msuku anthu makumi atatu akukuyang'ana pakamwa. Matemu atatu apita bwino, ndikuthokoza Mulungu. Kwa inenso zaka zinapita bwino, mpaka tsiku limodzi. Tsiku lako lidzafika. Kapena kudzabwera makolo ofuna kukwatitsa mwana wa m'kalasi, atagwirizana kale mbali zonse, n'kungofuna kuti iwe utseke maso. Kapena adzakhala mphunzitsi mnzako, amene umadya naye, atalakwira mwana, abale n'kumati tikambirane pachibale, zisafike kutali. Adzakuuza mwaulemu, atavula zisoti, kuti ba Hedi ndinu mukudziwa. Pa tsiku limenelo ndikufuna kuti chimene udzanene chidzakhale chimene unawerenga, osati chimene ukukumbukira.

Ndiye ukaphunzire bwino gawo la malamulo, ngakhale anzako akanene kuti ndi louma. Ukafunse kuti ndi nkhani ziti zimene hedi amathetsa yekha, ndi ziti za komiti, ndi ziti zimene saloledwa kuzisunga pasukulu ngakhale usiku umodzi. Ukalembe m'kabuku kako m'Chinyanja, mmene ungadzafotokozere kholo limene silinapite kusukulu. Lamulo limene sungalimasulire atate ake a mwana sunalimve. Ndipo ndikuseke pang'ono, mama. Masiku ano mapepala sabweranso ndi kondakitala, amabwera pafoni. Tsiku lija unandipatsa foni kuti ndione zithunzi za ubatizo, ndinaona mauthenga a gulu la mahedi ali mulu, osatsegula. Foni nayo imatha kukhala bokosi lachitsulo. Tsegula, Dailesi. Ngakhale utatopa, tsegula.

Tsopano za ine. Ndili bwino, ndipo sindikunena kuti ndikusangalatse. Amayi ako ndimawasowa, makamaka Lamlungu kumishoni, pamene kwaya ifika pa nyimbo imene iwo ankaiyamba msanga ena asanapume. Ndimawasowanso ndikabwera kudimba n'kupeza palibe wondifunsa chifukwa chake ndalowa ndi matope. Koma chisoni chimenechi ndi changa, ndipo ndazolowera kukhala nacho. Si mbuzi yoti wina asiye sukulu kuti aiwete. Ndaphunzira kuphika, ngakhale nyemba zimandipsererabe. Azakhali ako ali pafupi. Dimba likundifuna m'mawa uliwonse, ndipo amayi aja a ku Silverest amene amabwera ndi galimoto kudzagula tomato amandilankhulitsa mpaka kutopa. Ndinakhala ndi mkazi wabwino zaka zambiri, ndalera mwana amene sukulu yonse imamutcha madamu. Munthu wotero sadandaula.

Pali mawu amene sindinakuuze. Kuchipatala, tsiku lina iwe utapita kukagula madzi, amayi ako anati, "Uyu mwana ataya chaka chifukwa cha ine. Musalole ataye china chifukwa cha imwe." Ndinalonjeza. Kamodzi kokha m'moyo ndinakana kuwamvera pa nkhani ya sukulu, ndipo ndakuuza kumene zinathera.

Lachisanu ndinapita ndi tomato ku Chongwe. Amake Lute anandiona ndikutsitsa mabokosi, nandiitana. Mpaka lero amanditcha ba Hedi, ndipo ndinaleka kuwaletsa. Anati, "Namvela ati ba Madamu Dailesi bafuna kukana koleji?" Sindikudziwa anamva kwa yani, mwina unauza aphunzitsi anzako usanandiuze ine. Chifukwa chake ndinachiganiza ndekha, ndinati, "Ayopa kunisiya neka." Anaseka, akupanga timilu ta tomato osayang'ana n'komwe. Anati, "Imwe simuzafa na njala, nizayamba kukutumilani repu na kondakitala. Bauzeni bayende. Lute wanga ni wochenjela kupambana ine, elo ayamba kukula. Nifuna Hedi wamene asegula ma emvulopu." Ananena mopanda mkwiyo, monga munthu akunena mtengo wa anyezi. Kenaka anatembenukira kasitomala.

Fomu ija ndinaisunga zaka zonsezi m'buku la mapemphero la amayi ako. Yachita chikasu, ndipo mopinda muja mwayamba kung'ambika. Palibe cholembedwa pamenepo, mzere wa dzina udakali woyera. Ndaiika m'chikwama chako, m'thumba la mkati, pamodzi ndi kalata ino, kuti uzipeze madzulo ano ukamalongedza. Usaipachike pakhoma, ndipo usauze anthu dzina la mwini wake. Ungoisunga pamene umasunga cholembera chako chofiira.

Ndalankhula kale ndi dalaivala wa minibasi yoyamba, akusungira mpando wa kutsogolo kuti fumbi lisakudetse bulauzi. Chikwama ndinyamula ine mpaka pamsewu. Ukaona ndakhala chete pamenepo, kapena ndikuyang'ana kumbali, usayese kuti ndikufuna utsale. Ndi mmene ndilili, ukudziwa. Iwe ukwere.

Mulungu akutsogolere, mama. Lute akudikira.

Ndine atate ako,
Fabiano.